Kodi sorry ndi pepani? Gwero la mawuwa ndi momwe Angerezi amawamvera

Ndalandira kalata kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku England. Nkhani yawo mwachidule ndi iyi. Gogo wina amene amamusamalira anadzitayira tiyi pa diresi, iwo n'kunena kuti "sorry". Gogoyo anawayang'ana n'kuyankha kuti, "Why? It wasn't your fault." Tsiku lina munthu anapunthwa m'khonde, iwo ananenanso "sorry", ndipo mnzawo wa pantchito anawafunsa ngati ndi iwo anasiya chinthu panjira. Akufunsa kuti: kodi sorry si pepani? Mawuwa adachokera kuti, nanga ndiziwagwiritsa ntchito bwanji kuti ndisamadzisenzetse mlandu umene si wanga?

Mayi, ulemu wanu unali m'malo mwake. Chimene chinakupusitsani ndi chakuti kusukulu tonse adatiphunzitsa kuti sorry ndi pepani, n'kuthera pomwepo. Mawu awiriwa amakumana m'malo ambiri, koma sadapangidwe mofanana, ndipo pamene amasiyaniranapo ndi pomwe inu munaponda.

Tiyambe ndi mawu athu. Pepani ndi mneni wolamula: kwa mwana timati pepa, kwa wamkulu kapena kwa gulu timati pepani. Mawuwa amaloza munthu amene wavutikayo. N'chifukwa chake amakwana paliponse. Mwana wagwa, pepa. Mlendo watsamwa, pepani. Mwaponda phazi la munthu mu minibasi, pepani. Mwalowa m'nyumba ya siwa, pepani. Palibe amene amafunsa kuti wachititsa ndani. Tikafuna kuvomera mlandu timachita kuwonjezera mawu ena: ndalakwa, mundikhululukire.

Sorry si mneni. Ndi mfotokozi, ndipo chimene amafotokoza ndi mtima wa wolankhulayo. Chiganizo chake chathunthu ndi "I am sorry", kutanthauza kuti ine mtima ukundiwawa. Ndiye Mngerezi akamva inu mukukamba za mtima wanu, amadikira chifukwa chake. Mukapanda kutchula chifukwacho amadziikira yekha, ndipo pa tinthu ting'onoting'ono ta tsiku ndi tsiku, monga tiyi wotayika kapena kupunthwa, chifukwa chimene amaika ndi chakuti mwachititsa ndinu. Gogo uja sanakunyozeni ayi. Anamva ngati mukudziimba mlandu, ndiye amafuna kukumasulani.

Kumene mawuwa adachokera

Sorry ndi mawu akale kwambiri, a mbadwa zenizeni za Chingerezi, osati obwereka ku Chifalansa kapena ku Chilatini. M'Chingerezi chakale, chimene chinkalankhulidwa ku England zaka zoposa 1,000 zapitazo, ankalembedwa kuti sarig, ndipo chilembo a m'mawuwo ankachikoka potchula. Tsinde lake linali sar, kutanthauza ululu kapena bala. Sar yemweyo ndiye sore wa lero, amene mumamumva mu "sore throat" munthu akamadandaula pakhosi, ndi mu "pressure sore", zilonda zimene zimabuka pa thupi la wodwala wogonera mbali imodzi nthawi yaitali, zomwe inu a ntchito yanuyi mumalimbana nazo tsiku lililonse. Choncho munthu amene anali sarig anali wodzala ndi ululu, wosweka mtima. Nkhani yopepesa munalibemo.

Kuchoka pa sarig kufika pa sorry padachitika zinthu zitatu. Choyamba, cha m'ma 1200, a wokoka uja adasanduka o m'madera a kummwera ndi pakati pa England. Si mawu awa okha: stan adakhala stone, ham adakhala home, ban adakhala bone, sar n'kukhala sore. Kumpoto kusinthaku sikudafike, n'chifukwa chake mpaka lero ku Scotland mukhoza kumva "hame", "stane" ndi "sair". Chachiwiri, mathero akuti ig adafooka n'kusanduka y, monga halig adasandukira holy. Chachitatu, o uja adafupika ndipo r adayamba kulembedwa kawiri.

Pa chachitatuchi pali nkhani yosangalatsa. Ambiri, ngakhale eni chinenero, amaganiza kuti sorry ndi mwana wa sorrow, mawu otanthauza chisoni. Maonekedwe akutero, tanthauzo likutero, koma si pachibale. Sorrow adachokera ku sorg, mawu ena okamba za nkhawa ndi kudera mtima. Abale a sorg ndi Sorge wa Chijeremani, zorg wa Chidatchi ndi sorg wa Chiafrikaans, ndipo ku Netherlands ntchito yosamalira odwala ndi okalamba imatchedwa ndi dzina lomweli, zorg. Abale a sar ndi ena: seer wa Chiafrikaans, amene abale athu a ku Joni amamumva munthu akamati penapake pakupweteka, ndi sehr wa Chijeremani, amene poyamba ankatanthauza mopweteka koma lero amangotanthauza kwambiri. Sorry ndi sorrow adangokhala moyandikana zaka mazanamazana mpaka adayamba kufanana nkhope, ndipo akatswiri a mbiri ya mawu amati kuyandikanaku ndi kumene kudakokera kalembedwe ndi katchulidwe ka sorry ku mbali ya sorrow.

Tanthauzo lakale lija mukhoza kuliona ndi maso anu m'Baibulo la Chingerezi la King James, lomwe lidatuluka mu 1611. Pa Mateyu 14:9, mwana wa Herodiya atapempha mutu wa Yohane Mbatizi, padalembedwa kuti "And the king was sorry". Herode sadapepese kwa wina aliyense, ndipo Yohane adamuphabe. Mawuwo akungonena kuti mfumu idamva chisoni. Sorry wachidule woima payekha, wongoponya ukagunda munthu pamsewu, ndi wa posachedwa poyerekeza ndi zimenezi. Adayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1800. Tanthauzo lopepesa lidamera pamwamba pa lachisoni motere: ndikumva kuwawa, ndipo chimene chikundiwawa ndi zimene ndakuchitira. Lakale lija silidafe, koma latsopanoli ndi limene lidalanda sorry wosavala kanthu.

Ndiye pepani wachifundo amene inu munkatanthauza ndi tanthauzo lenileni la mawuwa, lakale kuposa linzake. Kungoti ku England liyenera kuvekedwa mawu ena kuti limveke.

Timawu totsatira ndi timene timagamula

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa zambiri zimene zimalakwika zili pa timawu tinayi: for, about, to ndi that.

Sorry for amatsatidwa kwambiri ndi chinthu chimene mwachita inuyo, ndipo mneni wobwera pambuyo pake amathera ndi ing. "I'm sorry for breaking the cup." "I'm sorry for shouting at you." Uku ndi kuvomera mlandu kwathunthu. Mukanena "I'm sorry for the fall" kwa mwana wa gogo amene wagwa, khutu lake likhoza kumva kuti munamugwetsa ndinu kapena simunamuyang'anire. Zolakwika zofala apa ndi kusiya ing, monga "sorry for break the cup", ndi kulumikiza for ndi mfotokozi, monga "sorry for late". Pambuyo pa for pamafunika dzina kapena mneni wa ing. Choncho nenani "sorry for being late", kapena "sorry for the delay", kapena chophweka kuposa zonse chimene eni ake amakonda, "sorry I'm late".

Sorry about ndi wofatsa. Amaloza zimene zachitika popanda kuloza wochititsa. "I'm sorry about your mother" ndi mawu abwino kwa munthu amene mayi ake akudwala kapena amwalira. "Sorry about the noise" akhoza kunena mwini phokoso, akhozanso kunena munthu amene akungodandaula nanu limodzi. Pa tinthu tating'ono ta kuntchito, "sorry about that" amagwira ntchito yaikulu: mwachedwa kubweretsa madzi, mwatchula dzina molakwika, mwatseka chitseko mwamphamvu. Koma pa cholakwa chachikulu ndi wopepuka kwambiri, ndipo amamveka ngati simukusamala.

Sorry to ndiye bwenzi lanu lenileni, mayi, chifukwa pepani wachifundo amakhala mmenemu. "I'm sorry to hear that." "I'm so sorry to hear you've been unwell." "I'm sorry to see you in pain." Mukaika hear kapena see, mwanena poyera kuti inu ndi womva kapena woona chabe, osati wochititsa. Palibe angakuyankheni kuti si vuto lanu. Sorry to yemweyo ali ndi ntchito zina ziwiri. Ina ndi yopepesera chinthu chimene mukuchita pompano kapena mukufuna kuchita: "Sorry to bother you", "Sorry to interrupt", "Sorry to wake you". Kwathu apa tikanati zikomo kapena odi. Inayo ndi yotsegulira uthenga woipa: "I'm sorry to tell you", "We are sorry to inform you". Kalata yofunsira ntchito ikayankhidwa ndi mawu amenewa, dziwani kuti malo apita kwa wina. Siyanitsaninso nthawi: "sorry to disturb you" ndi pamene mukusokoneza, "sorry for disturbing you" ndi pamene mwasokoneza kale.

Sorry that amatsegula chiganizo chathunthu, ndipo that weniweniyo kawirikawiri amasiyidwa. Apa mlandu umaoneka pa mwininkhani wa chiganizo chachiwiricho. "I'm sorry I spilt your tea", mlandu ndi wanga. "I'm sorry you spilt your tea", ndikukumvera chisoni. "I'm sorry this happened to you", chifundo chokhachokha, ndipo ndi chiganizo chimene ndingakulimbikitseni kuchisunga pamtima.

Pali msampha umodzi woti muusamale. For akatsatidwa ndi munthu, tanthauzo limatembenuka. "I feel sorry for her" ndi kumumvera chisoni munthu, ndipo mukamakamba za munthu amene palibe, palibe chovuta. Koma kumuuza munthu pamaso kuti "I feel sorry for you" kumaluma. Kumamveka ngati mukumuyang'anira pansi, ngati mukuti ndiwe womvetsa chisoni, ndipo anthu amanena zimenezi pokangana. Okalamba ambiri a ku Britain sakonda kuchitiridwa chisoni choonekera, makamaka ndi munthu amene akuwasambitsa ndi kuwaveka. Chimodzimodzi "feeling sorry for yourself" ndi kudzimvera chisoni, ndipo ndi mawu odzudzula.

Pa maliro pali chiganizo chokhazikika chimene chimaswa lamulo la for lija: "I'm sorry for your loss." Aliyense amadziwa kuti ndi chipepeso, palibe amaganiza kuti mukuvomera kupha munthu. Ku Ireland amakonda kunena "sorry for your trouble" pogwirana chanza ndi anamfedwa. Pa imfa, ngakhale "I'm so sorry" yekha amamveka bwino lomwe, chifukwa nkhaniyo ndi yaikulu moti tanthauzo lakale lachisoni limabwerera lokha. Onani kusiyanaku: tsoka likakula, sorry amamveka ngati chifundo, tsoka likachepa, amamveka ngati kuvomera kulakwa. Tiyi wotayika ali kumapeto kwenikweni kwa mbali yaing'onoyo.

Nanga munthu akapunthwa muziti chiyani?

Angerezi ali nawo mawu a pamalo amenewa, kungoti si sorry. Munthu akapunthwa kapena kudzigunda, amati "Oh no, are you all right?" kapena "Oh dear, are you OK?" Funsolo ndilo pepani wawo. Akadzitayira tiyi: "Oh dear, never mind, let's get you cleaned up." Akadandaula mutu kapena msana: "Oh, poor you", kapena "That sounds painful", koma "poor you" musungire anthu amene mwazolowerana nawo. Akayetsemula: "Bless you." Akatsamwa pang'ono: "Are you all right? Have some water." Akagwetsa chinthu: "Let me get that for you." Mwaona kuti ambiri mwa mawuwa amathera pa kuthandiza. Chifundo chawo pa zinthu zazing'ono chimadutsa m'funso ndi m'manja.

Musaganize kuti Chingerezi chathu n'cholakwika pa nkhaniyi. Ku Malawi, ku Zambia, ku Kenya, ku Nigeria ndi m'maiko ena ambiri a mu Africa, sorry wachifundo ndi Chingerezi chokhazikika, chomveka kwa aliyense, chifukwa zinenero za kumeneko zili ndi mawu a mtundu wa pepani. Chiswahili chimachita kusiyanitsa: pole ndi wachifundo, samahani ndi wopempha chikhululukiro. Ku South Africa mudzamva sorry wachifundo yemweyu, komanso "shame" kapena "ag shame", amene satanthauza manyazi koma chifundo. Mukabwera kumudzi, kapena mukakhala pakati pa anzanu ochokera kuno, sorry wanu apitirire. Kusintha n'kofunika pamene womverayo ndi wa ku Britain, America, Canada kapena Australia.

Sorry amene si chisoni kapena kupepesa

Mwina mwadabwa kale kuti anthu omwewa amene anakufunsani chifukwa chonenera sorry, iwo amanena sorry kosalekeza. Mukagunda munthu ndi ngolo mu shopu, wogundidwayo ndiye amayamba kunena sorry. Ameneyu ndi sorry wofewetsa, ntchito yake ili ngati ya zikomo wathu podutsa pakati pa anthu. Ndi wachangu, wa mawu otsika, ndipo onse awiri amanena n'kupitiriza ulendo. Kusiyana kwake ndi wa inu uja n'kwakuti apa onse awiri akhudzidwa ndi kugundanako, choncho aliyense akutenga kagawo kake. Pa tiyi uja inu munalibe gawo.

Sorry wokweza mawu kumapeto, "Sorry?", amatanthauza kuti sindinamve, bwerezani. "Pardon?" amagwira ntchito yomweyo, pomwe Amereka amakonda "Excuse me?" Kungoti "What?" kwa munthu wamkulu kumamveka mwano, monga kuyankha gogo kuti "chiyani?" m'malo mwa "wawa". Chenjerani ndi kamvekedwe: "Sorry?" wokoka ndi nkhope yolimba amatanthauza kuti ndamva ndithu, ndipo sizinandisangalatse.

Aliponso wodzikonza pakamwa: "on Tuesday, sorry, Wednesday". Alipo wokanira: "Sorry, we're closed", "Sorry, that seat's taken". Ndipo alipo wotsutsa, amene amanyenga alendo ambiri: "I'm sorry, but that's not acceptable." Bwana akayamba choncho sakupepesa, akukuuzani kuti sagonja.

Lamulo la m'mabuku limati "excuse me" amanenedwa musanachite chinthu, sorry mutachita. Ndi lamulo labwino kuyambirapo: "excuse me" popempha njira, poitana munthu amene simukumudziwa dzina, pochoka pa tebulo, sorry mutaponda kapena kugunda. Ku Britain sorry walowerera malo onse awiri, moti mudzamva "Sorry, can I just get past?" Ku America "excuse me" akadali wamphamvu, ngakhale mutagunda kale.

Malo a mawuwa m'chiganizo nawonso amasintha tanthauzo. Sorry akakhala patsogolo pa dzina satanthauzanso kupepesa, amatanthauza chinthu chomvetsa chisoni kapena chachabechabe. "A sorry sight" ndi maonekedwe omvetsa chisoni, "in a sorry state" ndi chinthu chowonongeka, "a sorry excuse" ndi chifukwa chosamveka. Tanthauzo limeneli ndi lakale, lidalipo kale cha m'ma 1200 ndi 1300. Choncho simunganene "a sorry nurse" potanthauza namwino amene wapepesa, mwamunyoza. "You'll be sorry" ndi chiopsezo, ngati "uona" wathu. Ndipo "better safe than sorry", amene mudzamumva kwambiri kuntchito kwanuko akamati itanani dokotala ngakhale bala likuoneka laling'ono, akunena za kunong'oneza bondo pambuyo pake.

Zolakwika zina zimene zimaoneka m'mauthenga athu ndi izi. "Am sorry", wopanda I, wafala kwambiri pa WhatsApp kuno kwathu, koma kwa eni chinenero amaoneka wodukizadukiza. Lembani "I'm sorry" kapena "Sorry" yekha. "I sorry" alibe mneni. "Sorry very much" ndi "too sorry" kulibe. Okulitsa amabwera patsogolo: so sorry, very sorry, really sorry, terribly sorry, ndipo "deeply sorry" ndi wa nkhani zolemera ndi makalata. Mneni wake ndi "say sorry" kapena "apologise", ndipo apologise amafuna to pa munthu ndi for pa cholakwa: "I apologised to her for the mistake." "I apologise you" n'kulakwitsa. Ku Britain amalemba kwambiri apologise, ku America apologize.

Apologise ali ndi ubwino umodzi: alibe matanthauzo awiri. Amavomera mlandu basi, sanena za chifundo. Musadzanene "I apologise" pa maliro. Gwero lake ndi la Chigiriki, apologia, ndipo kumeneko ankatanthauza mawu odziteteza pa mlandu, monga amene munthu wanzeru wa ku Greece, Socrates, adalankhula pa bwalo la ku Athens mu 399 BC. Mawu amene adayamba ngati kudziikira kumbuyo lero ndi ovomera kulakwa. M'maminitsi a msonkhano, mutu wakuti "Apologies" ndi mndandanda wa amene adatumiza mawu kuti sabwera.

Kodi sorry angakuikeni m'mavuto kuntchito?

Nkhawa yanu yeniyeni ndikuiona kuti ili apa. Ku England ndi Wales, lamulo la Compensation Act la 2006, gawo 2, limanena kuti kupepesa pakokha sikutanthauza kuvomera kuti munthu adanyozera udindo wake. Scotland ili ndi lamulo lake la 2016 pa nkhani yomweyi, ndipo zigawo za Canada monga British Columbia mu 2006 ndi Ontario mu 2009 zidakhazikitsa ofanana nawo. Kuwonjezera apo, malo osamalira anthu ku England amene ali pansi pa Care Quality Commission, bungwe loyang'anira malo oterewa, ali ndi udindo wotchedwa duty of candour: chinthu choopsa chikachitikira wosamalidwa, ayenera kumuuza iye kapena abale ake zoona zake, ndi kupepesa. Malamulowa adalembedwa chifukwa anthu ankaopa kunena sorry, odwala ndi abale awo n'kumatsala ndi mkwiyo.

Koma lamulo ndi lina, zimene mnzanu wa pa shifiti wamva ndi zina. Munthu akagwa, kwa iye nenani za chifundo zomveka bwino: "I'm so sorry this happened, let's get you some help." M'lipoti la ngozi musalembemo sorry. Lembani nthawi, malo, zimene munaona ndi maso anu, zimene munachita ndi amene munamuuza. Zimene simunaone musalembe ngati munaona. Kupepesa m'dzina la malo a ntchitowo ndi udindo wa akuluakulu, si wanu.

Kulemera kwa mawu amenewa kudaonekera poyera ku Australia. Lipoti la 1997 lidafotokoza momwe ana a anthu a mtundu wa Aborigine, mbadwa zoyambirira za dzikolo, ankachotsedwera kwa makolo awo ndi boma, ndipo kuyambira 1998 tsiku la 26 May limakumbukiridwa ngati National Sorry Day. Nduna yaikulu ya nthawiyo, John Howard, idakana kupepesa m'dzina la boma. Mu 1999 nyumba ya malamulo idagwiritsa ntchito mawu akuti regret, amene amanena kuti zidachitikazo n'zodandaulitsa popanda kusenza mlandu. Padatenga mpaka pa 13 February 2008 kuti nduna yaikulu yatsopano, Kevin Rudd, aime m'nyumba ya malamulo ku Canberra n'kunena sorry. Kwa Aaborigine eni ake mawuwa ali ndi kulemera kwina: mwambo wa maliro amautcha "Sorry Business", tanthauzo lakale lija lachisoni.

Tsiku limene mwalakwadi

Likadzafika, sorry yekha sakwanira, monga momwe pa bwalo la amfumu pepani wapakamwa amaperekezedwa ndi nkhuku. Kupepesa kumene Angerezi amakulemekeza kumatchula cholakwacho ndi dzina, kumaika I monga mwininkhani, ndipo kumanena chimene chikonzedwe. Mwachitsanzo: "I'm sorry I forgot to pass on your message yesterday. I've told the nurse now, and I'll write it down next time." Ziganizo ziwiri, nkhani yatha. Kubwereza sorry kasanu, kumene kwathu kumaonetsa kudzichepetsa, kumeneko kumamulemetsa womverayo chifukwa amayamba ntchito yokutonthozani inu.

Timawu tiwiri timawononga kupepesa. Koyamba ndi if: "I'm sorry if you were upset" kumatanthauza kuti mwina simunakhumudwe, ndipo ngati munakhumudwa ndi nkhani yanu. Kachiwiri ndi but: "I'm sorry, but I was busy" kumafafaniza zonse zimene zanenedwa patsogolo pake. Ngati pali chifukwa chofunika kufotokoza, chiikeni m'chiganizo chakechake, mutamaliza kupepesa. "I'm sorry you feel that way" amadziwikanso ndi aliyense kuti ndi kukana kovala ulemu.

Wina akapepesa kwa inu, mayankho ake ndi "That's all right", "No worries", "Don't worry about it", kapena "No problem". "You're welcome" ndi yankho la thank you, osati la sorry. Pa nkhani yaikulu imene simukufuna kuichepetsa, "Thank you for apologising" ndi yokwanira. Ndipo wina akakupepesani pa maliro kapena matenda, yankho ndi "Thank you" kapena "That's kind of you".

Chotsala ndi katchulidwe. Mawuwa ali ndi maphatikizo awiri, ndipo mphamvu ili pa loyamba. Ku England o wake ndi wamfupi, ngati wa mu "lorry". Amereka ambiri amatsegula pakamwa mpaka amamveka ngati "sari", pomwe a ku Canada ambiri amatchula ngati akuyamba ndi "sore". Chovuta kwa ife ndi r. M'Chichewa, pambuyo pa a, o ndi u pamabwera l, ndipo r timamulemba pambuyo pa e ndi i, choncho lilime likangotchula "so" limathamangira lokha ku l, n'kutuluka "sole" kapena "soli". Pa l nsonga ya lilime imagunda kuseri kwa mano a m'mwamba. Pa r wa Chingerezi siigunda paliponse: ikwezeni pang'ono, muibweze m'mbuyo, milomo muisongole pang'ono, mpweya udutse pamwamba pake. Yeserani ndi mawu awiriawiri, "lorry" ndi "lolly", "berry" ndi "belly", pang'onopang'ono kaye kenako mofulumira. Gogo wosamva bwino amadalira milomo yanu kuposa mawu, ndiye muzimuyang'ana nkhope polankhula.